Za Phunziro la Kukhala kwa Anthu Pamodzi

Abale anga, amuna ndi akazi a m'midzi, pali mau amene ndimva kawiri kawiri poyenda ine m'nyumba zanu, makamaka nyengo ya tchuthi, pamene ana a ku sekondale ali kwao. Makolo adandaula, nati: "Tinagulitsa mbuzi kuti mwana akaphunzire masamu ndi Chingerezi, koma iye wabwera ndi mafunso opanda pache. Afunsa chifukwa ninji atate wache akhala pa mudzi wa amache. Afunsa mwini munda ndani, malume kapena atate. Afuna kuwerenga amuna onse a pa mudzi amene anapita ku Joni. Kodi nzeru ya sukulu ndi imeneyi?" Ena aopa kuti mwana wayamba chipongwe, ena ayesa kuti aphunzitsi asowa chophunzitsa. Ine ndinabwereka mabuku a ana amenewo, ndi ena kwa ansembe, ndipo ndakhala nao usiku wambiri pa nyali. Tsono ndifuna kukuuzani chimene ndinapezamo, kuti muweruze mlanduwu mutamva mbali zonse.

Dzina la phunziroli ndi Sosholoje. Ife amene tinalawako Chilatini ku seminale tizindikira msanga mau awiri m'dzinamo: socius, la Chilatini, ndiye mnzako woyenda naye, ndi logos, la Chigriki, ndiwo mau kapena nzeru. Chotero liri phunziro la kukhala kwa anthu pamodzi: banja, mudzi, mtundu, sukulu, msika, boma, ndi umo zimenezi ziumba munthu nizisintha ndi nyengo. Ku England ndi ku Zimbabwe ana a sekondale aliphunzira pa lokha nalembapo mayeso. Kuno kwathu mbali zache zina zilowa m'phunziro lija atcha Social Studies, ndipo wofuna kulitsata lonse alipeza ku yunivesite ku Zomba.

Wopeka dzinalo anali Auguste Comte, wa ku France, amene analemba mabuku ache akuru asanu ndi limodzi pakati pa 1830 ndi 1842. Masiku amenewo dziko la Ulaya linali litagwedezeka. Ku France chipolowe chimene chinayamba mu 1789 chinagwetsa ufumu. Ku England makina anadza, anthu nasiya minda yao nadzazana m'mizinda monga Manchester, kumene munthu sanadziwe mnansi wache, ndi ana ang'ono anagwira nchito m'mafakitale kuyambira mbanda kucha. Pamenepo anthu anzeru anayamba kufunsa kuti, chingwe chimene chimanga anthu kuti akhale pamodzi nchiani, ndipo chikaduka chioneka nchiani? Koma funso limeneli silinayambe ndi Azungu ai. Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis, kumpoto kwa Afrika, mu 1332, analemba mu 1377 kuti mitundu ikwera ndi mphamvu ya kugwirizana kwao, nigwa pamene chuma ndi zokoma zamasula kugwirizanako. Ndipo makolo athu anati, kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Kusiyana kwache ndi uku: akuru ananena m'mwambi, koma phunziroli lifuna kuyesa mauwo ndi kuwerenga ndi kufunsa, kuti lione pamene ali oona ndi pamene apereŵera.

Choyamba chimene mwana aphunzira ndi ichi, kuti munthu abadwa ndi thupi, koma makhalidwe aumbidwa ndi anzache. Palibe khanda lobadwa lodziwa kulandira chinthu ndi manja awiri, kapena kugwada polankhula ndi akuru, kapena kupatukira apongozi m'njira. Zonsezi anaziika mwa ife amai pa mtondo, agogo pa moto, anzathu ku gowelo ndi ku dambo koweta mbuzi, anankungwi ku chinamwali, aphunzitsi ku sukulu. Ndipo lero wailesi ndi foni zalowanso m'gulu la olera ana athu, ngakhale palibe anaziitana. Mwambo uli wonse uli ndi mlonda wache. Wina ausunga boma ndi ndende, wina mfumu ndi nkhuku ya chindapusa, koma yambiri aisunga manyazi okha, pakuti kuseka kwa akazi pa chitsime kuwawa koposa chikoti. Mwana akazindikira ichi aleka kuyesa anthu a mtundu wina opusa. Aona kuti Mngoni wopereka ng'ombe za lobola natenga mkazi kumka naye kwao, ndi Mchewa womanga nyumba ku chikamwini, onse awiri ali kuyankha funso limodzi, lakuti ana ndi a yani, ndi munda ukhala m'manja mwa yani.

Apa ndipo ndinapeza nzeru imene yandithandiza koposa pa milandu ya maukwati, imene ankhoswe abwera nayo kwa ine. Phunziroli liti munthu mmodzi asenza maudindo ambiri, ndipo maudindowo nthawi zina akokana. Taonani mwamuna wa ku chikamwini. Pa mudzi wa mkazache ali mkamwini ndi atate wa ana. Koma kwao kumene anabadwa ali malume, mwini mbumba, amene alongo ache ndi ana ao amyang'anira. Akagulitsa fodya, ndalama iri imodzi, koma manja oitambasukira ali awiri: mkazi afuna fizi ya mwana, mlongo afuna fizi ya mphwache wa mwamunayo. Akapatsa uyu, uyo ati wadyetsedwa mankhwala. Akapatsa uyo, uyu ati mtima wache suli pano. Kale, pamene chuma chinali khasu ndi nkhokwe, kukokana kumeneku kunali kochepa. Koma ndalama, sukulu ndi nyumba ya malata zakukulitsa. Audrey Richards, mkazi wa ku England amene anakhala pakati pa Ababemba, analemba za mfundo yomweyi mu 1950. Ine ndikakhala pa mlandu wotere sindithamangira kufunsa woipa ndani. Ndiyamba ndaonetsa onse awiri kuti mwamunayo waima pa mphambano imene sanailambule yekha. Ndipo mitima ikatsika, apangana za kugawa.

Ena anafufuza zozama koposa izi. J. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao kuyambira 1946, nawerenga nyumba ndi mibadwo ya midzi yambiri, natulutsa buku lache mu 1956. Anapeza kuti mudzi ukakula ugawika potsata mbumba: mwamuna atenga alongo ache ndi ana ao nakamanga pena, kuti akhale mwini mudzi iye yekha, ndipo kugawikako kudza ndi ndeu ndi kunenezana. Max Marwick anachita chomwecho pakati pa Achewa a dera la Chipata, m'Zambia, ndipo m'buku lache la 1965 anaonetsa kuti potchulana ufiti anthu saloza mlendo wa kutali, koma kawiri kawiri aloza mbale wa mimba imodzi, amene alimbana naye za ufumu, za ng'ombe kapena za chuma cha masiye. Abale anga, lingalirani mau awa. Mwambo suloleza munthu kukana mbale wache poyera; tsono mkwiyo umene wasowa khomo uturukira pa zenera, ndilo dzina la mfiti. Lamulo la boma la 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, koma lamulo lokha silinachotse mwala m'dzanja la mdzukulu woponya agogo ache. Mnyamata amene waphunzira kufunsa kuti, "Kodi anthu awa anali kulimbirana chiani maliro asanagwe?" ameneyo akhoza kupulumutsa moyo wa nkhalamba.

Chachiwiri chimene aphunzira ndicho kusiyanitsa bvuto la munthu mmodzi ndi bvuto la anthu ambiri. C. Wright Mills, wa ku America, anaphunzitsa ichi m'buku lache la 1959, ndipo ine ndichimasulira chotere. Chaka cha mvula yabwino, nkhokwe zonse zitadzala, mukaona nyumba imodzi iribe chimanga, kayang'aneni khasu la mwini nyumbayo, kapena nthenda yache, kapena mowa wache. Koma chigawo chonse chikagona ndi njala, monga mu 1949 ndi mu 2002, musanene kuti anthu onsewo anachita ulesi. Funsani za mvula, za mtengo wa chimanga, za kuchepa kwa minda, ndi za nkhokwe za boma. Momwemonso ndi amuna opita kunja. Mu 1935 boma la Nyasaland linaika anthu ofufuza nkhaniyi, napeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ku migodi ndi ku minda ya Azungu. Mkazi ali yense wosiyidwa analira mwamuna wache yekha, namutcha mtchona. Koma chimene chinatulutsa khamu lotere chinali msonkho wofuna ndalama m'dziko losowa nchito ya malipiro. Lero ana athu akwera basi kumka ku Johannesburg, ndipo funso likali lomwelo.

Onaninso za minda. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'Malawi anali ngati 4 miliyoni; pa kalembera wa 2018 anapezeka 17,563,749, ndipo mwa anthu 100 ali onse, 84 anali a kumidzi. Anthu achuruka koposa kanai, koma nthaka sinakule ndi phazi limodzi lomwe. Chifukwa chache musazizwe kuti mabwalo a mafumu adzala ndi milandu ya malire, nimuyesa kuti mitima ya anthu a lero yokha ndiyo yaipa. Munda umene unadyetsa nyumba imodzi uli kuyembekezeka kudyetsa zinai.

Émile Durkheim, wa ku France, anayesa nzeru imeneyi pa chinthu chimene tonse tiyesa cha mumtima mwa munthu yekha, ndicho kudzipha. Anasonkhanitsa mabuku a boma olembamo imfa m'maiko a Ulaya, ndipo mu 1897 anaonetsa kuti chiwerengero cha odzipha m'dziko liri lonse sichisintha kwambiri chaka ndi chaka, koma chisiyana pakati pa magulu a anthu: osakwatira aposa okwatira, opanda ana aposa okhala ndi ana. Iye anati pamene zingwe zomanga munthu kwa anzache zalefuka, moyo wache upepuka m'maso mwache. Kwathu kunonso timva za amuna, akuru ndi anyamata, amene ngongole kapena kutha kwa banja kwawafikitsa pamenepo. Ndikawerenga Durkheim ndikumbuka kuti kucheza kwa madzulo pa bwalo, kulima dima, ndi kukazonda wodwala siziri zotaya nthawi ai. Ndizo zingwe zimene zigwira munthu tsiku la mdima. Mukaona mnzanu wayamba kudya yekha ndi kupewa anthu, pitani kwa iye lero lomwe, ndi kumperekeza kwa omwe angamthandize.

Chachitatu ndicho njira ya kufufuza, ndipo iyi ndiyo ibweretsa mafunso aja m'nyumba zanu. Mwana aphunzitsidwa kuti asakhulupire chinthu chifukwa anthu ambiri achinena, koma apite, aone, afunse, awerenge. W. E. B. Du Bois, munthu wakuda wa ku America, anayenda khomo ndi khomo m'dera lina la mzinda wa Philadelphia, nafunsa za nchito, za lendi, za matenda ndi za sukulu. Ndipo buku lache la 1899 linatsutsa amene anali kunena kuti umphawi wa anthu akuda uchokera m'magazi mwao, pakuti anaonetsa makomo a nchito ndi a nyumba amene anawatsekera. Njirayi iri ndi malamulo ache, ndipo afanana ndi a bwalo la mfumu yabwino: usapite ndi chiweruzo m'thumba, umve mbali zonse, usiyanitse chimene waona ndi chimene wauzidwa, usaulule dzina la amene wakuuza za m'nyumba mwache. Liriponso chenjezo lakuti zinthu ziwiri zikafika pamodzi, sindiko kuti china chabala chinzache. Ambiri ati mango ndi chimanga chachiwisi zidzetsa malungo, popeza zifika nyengo imodzi. Koma mwini mlandu ndi mvula, imene ikulitsa chimanga niberekanso udzudzu m'zithaphwi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Musayese kuti akuru a phunziroli abvomerezana pa zonse. Mwana aphunzira maonedwe atatu, ndipo ndiwafanizira ndi anthu atatu ofika pa maliro amodzi. Woyamba, wotsata Durkheim, aona akazi obwera ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu okumba manda, mfumu yoletsa nchito ya kumunda, nati: imfa yang'amba mudzi, ndipo mwambo uwu uli kuusoka. Wachiwiri, wotsata Karl Marx, wa ku Germany, afunsa kuti apindula ndani, ndipo ataya ndani. Aona banja losauka likugulitsa mbuzi yotsiriza kuti ligule bokosi, aona abale a mwamuna ali kuwerenga mipando ndi malata mkazi wamasiye akali kulira. Ndipo diso lotere ndilo lionetsa chifukwa chache dziko linafuna lamulo la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye. Wachitatu, wotsata Max Weber, wa ku Germany yemwenso, akhala pansi pafupi ndi wolirayo nafunsa kuti mwambo uwu utanthauza chiani kwa iye mwini, pakuti sungamvetse chochita munthu usanadziwe chimene iye achiyesa. Onse atatu aona zoona, koma palibe aona zonse. Weber yemweyo anati anthu amvera wolamulira pa zifukwa zitatu: chifukwa cha mwambo wa makolo, monga timvera mfumu, chifukwa cha mphamvu ya munthu mwini, monga anthu anatsata John Chilembwe mu 1915, kapena chifukwa cha lamulo lolembedwa, monga timvera bwanamkubwa wa boma, amene akachoka pa mpando mphamvu itsala pa mpandopo.

Tsono kodi mulibe choopsya m'phunziroli? Chirimo, ndipo sindikubisirani. Comte, atakalamba, anafuna kuyambitsa chipembedzo chache chopembedza mtundu wa anthu m'malo mwa Mulungu. Marx anayesa chipembedzo mankhwala ogonetsa osauka kuti asamve kuwawa kwao. Mwana wosakhwima akhoza kumva zimenezi nabwera kwao wotupa mutu, nayesa kuti popeza wadziwa kumene mwambo unachokera, mwambowo watha nchito. Akhozanso kugwa m'mbuna yina, yakuti munthu alibe mlandu, popeza umphawi kapena maleredwe ndizo zamchititsa. Iai, abale anga. Kudziwa chifukwa chache munthu anaba sikusandutsa kuba kukhala chilungamo. Phunziroli liri ngati muyeso wa pa msika: likuuza kulemera kwa thumba, koma silikuuza ngati uyenera kuligulitsa kapena kupatsa wamasiye. Linena umo zinthu ziriri. Umo ziyenera kukhalira, mwana aphunzira kwa inu ndi kwa Mulungu wache.

Koma mpeni sautaya chifukwa uli wakuthwa. Eklezia yemwe sanaope kuyang'ana makhalidwe a anthu ndi diso lofufuza. Papa Leo XIII, mu 1891, analemba kalata ya Rerum Novarum pa za anchito a m'mafakitale omwe aja, za malipiro oyenera ndi za ufulu wao wa kupanga mabungwe. Maepiskopi athu, m'kalata yao ya nyengo ya Lenti ya 1992, ananena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kuchepa kwa sukulu ndi zipatala, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Ndipo mudziwa inu nomwe chimene chinatsata. Bambo Matthew Schoffeleers, wa chipani cha Montfort, anatha zaka zambiri akufunsa Amang'anja za Mbona wa ku Khulubvi, ndi Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, kusungiramo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Amenewa sanataye chikhulupiriro chao pofunsa. Anadziwa kuti wofesa ayenera kudziwa nthaka.

Chinthu chimodzi chindiwawa mtima. Maina amene ndatchula a ofufuza midzi yathu, Richards, Mitchell, Marwick, onse ali a alendo. Inde, mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiwayamika. Koma mlendo amva mau kudzera mwa womasulira, ndipo pali zambiri zimene mkazi sanena kwa mwamuna wachilendo wogwira kope. Alipo ana a dziko lino amene ayamba kale kulemba za ife, koma achepa, ndipo akuru odziwa mibadwo ya midzi ali kutha mmodzi mmodzi. Mwana wanu wamkazi, amene akhala ndi agogo ache pa mtondo, akhoza kumva m'sabata limodzi zimene mlendo sakanazimva m'chaka. Chifukwa chache musamchotse pa sukulu kuti akakwatiwe. Pakutinso lamulo la dziko, kuyambira 2017, silola ukwati wa munthu wosafika zaka 18.

Tsono pempho langa kwa inu makolo ndi ili. Mwana akadza ndi mafunso ache, musamthamangitse. Muuzeni kumene pfuko lanu linachokera, amene anayamba mudzi, chaka chimene unagawika ndi chimene chinaugawa. Muuzeni za thangata, za amene anapita ku Wenela osabwerera, za umo munapulumukira njala. Pamene afunsa chosayenera kunenedwa pa anthu, mpatseni nthawi yache ndi munthu woyenera kumuuza. Akanena chimene buku lanena ndipo inu mudziwa kuti pa mudzi panu sizitero, mtsutseni, pakuti aphunzitsi ache omwe afuna chomwecho. Buku limene silifanana ndi mudzi, lolakwa ndi buku.

Ndipo inu ana a sukulu, amene mudzawerengera makolo anu kalata iyi madzulo, imvani. Safunsa anadya phula. Koma wofunsa ataimirira, manja ali m'thumba, sayankhidwa. Khalani pansi, patsani moni, funsani ndi ulemu, ndipo mukayankhidwa thokozani. Anthu amene muwawerenga m'makope anu ndiwo anasenza fizi yanu pa mutu kumka nayo ku msika. Mukapeza chimene chidwalitsa mudzi, musaime patali ndi kuloza chala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dengalo ndi lanu lomwe.

Tsalani ndi mtendere m'nyumba zanu zonse.